Kupita ndi galu kumapiri kuchokera ku Chipata: kokonzekera, pamsewu ndi pamsasa

Amene akukonza zotenga galu wake ku Nyika, ku Lukusuzi kapena ku South Luangwa adziwiretu asanathire mafuta kuti pageti la paki galu sadutsa. Lamulo la nyama zakutchire la Zambia la 2015 limaletsa kulowetsa chiweto m'paki popanda chilolezo cholembedwa, ndipo ku Malawi nakonso amaletsa. Kumubisa pansi pa mpando n'kudzivuta chabe, chifukwa akangonunkhiza mbawala yoyamba adziulula yekha.

Lamuloli lili ndi chifukwa chake. Agalu a pakhomo amanyamula chiwewe ndi matenda a distemper, ndipo onse awiri amagwira mimbulu, nkhandwe ndi afisi. Mu 1994 distemper inapha mikango pafupifupi 1,000 ku Serengeti ku Tanzania, kutanthauza mkango umodzi pa itatu iliyonse, ndipo ofufuza anapeza kuti gwero lake linali agalu a m'midzi yozungulira. Chigwa cha Luangwa chili ndi mimbulu, nyama yomwe yatsala yochepa mu Africa yense. Choncho ulendo wa galu ukhale wa m'mapiri a kunja kwa malire a paki, kumunda kwa mbale wanu, kapena pamalo ogona omwe mwawaimbira foni n'kuvomera. Tsiku lolowa m'paki, galu amatsala ndi munthu. Zonse zili m'munsimu zakonzedwa motero.

Kusankha malo ndi nyengo

Kwa galu, kumtunda n'kwabwino kuposa kuchigwa. Chipata ili pamtunda woposa mamita 1,000, pomwe Mfuwe, yomwe ili makilomita pafupifupi 130 okha kuchokera m'tauni, ili pa mamita ngati 500. Kutsika kumeneku kumasintha zinthu ziwiri. Choyamba ndi kutentha, poti mu Okutobala ku Malambo, dera la kuchigwako, kumapitirira madigiri 40. Chachiwiri ndi kashembe, yemwe amaluma galu n'kumupatsa matenda a mtundu wa kaodzera. Munthu wa maganizo abwino satsika ndi galu wa m'tauni ku Malambo nthawi ya chilimwe, ndipo ngakhale m'chisanu aziganiza kawiri. Agalu obadwira komweko amapirirako, koma wanu wokulira pakhonde alibe mphamvu imeneyo.

Mapiri ozungulira Chipata, a ku Chadiza ndi Vubwi, a ku Katete ndiponso mtunda wa ku Lundazi ndiwo oyenera. Miyezi yabwino ndi Meyi mpaka Ogasiti: misewu ya fumbi yauma, nkhupakupa zachepako, usiku kukuzizira. M'dzinja udzu umakhala wautali, nkhupakupa zili paliponse, ndipo msewu wa dothi lakuda ungakusungeni masiku awiri. Pewaninso masiku a Kulamba ku Mkaika kumapeto kwa Ogasiti ngati njira yanu ikudutsa ku Katete. Galimoto zimathithikana, ndipo galu wokhala m'galimoto yoima padzuwa ndiye amavutika koyamba.

Kumalire a kum'mawa kwa Lukusuzi, moyang'anizana ndi paki ya Kasungu, funsani za njovu musanasankhe pogona. Mu 2022 njovu 263 zinasamutsidwira ku Kasungu kuchokera ku Liwonde, ndipo zina zimaoloka n'kulowa m'minda ya mbali ya Zambia. Galu akauwa njovu, njovu imamuthamangitsa, iye n'kuthawira kwa mbuye wake.

Nyika ndiye paki ya kumapiri kwenikweni m'dera lino. Mbali yaikulu ili ku Malawi, kachigawo ka Zambia n'ka masikweya kilomita 80 okha, ndipo nakonso amalowera ku Malawi. Kuchokera ku Rumphi kufika pageti la Thazima ndi makilomita ngati 55, kuchoka apo kufika ku Chelinda, malo ogona alendo a m'pakimo, enanso ngati 60, msewu wake wa fumbi wofuna galimoto yaitali miyendo. Mafuta omaliza ndi a ku Rumphi. Amene watenga galu ulendo umenewu ayenera kukhala atapezeratu womusungira ku Mzuzu kapena ku Rumphi. Kunena zoona, kuvutika kwa mapepala a pamalire chifukwa cha galu amene akatsale m'nyumba ya eni sikupindula. Ulendo wa ku Nyika ndi bwino kumusiya ku Chipata konkuno.

Sabata zisanu ulendo usanafike

Pitani ku ofesi ya a vetenale ya boma lanu muli ndi galuyo ndi khadi lake la katemera. Katemera wa chiwewe amayamba galu ali ndi miyezi 3, ndipo kuno timabwereza chaka ndi chaka. Mphamvu yake imakhazikika pakatha sabata zitatu kapena zinayi, ndiye kubayitsa dzulo lake la ulendo kumangokupatsani pepala, chitetezo ayi. Pemphaninso katemera wophatikiza uja woteteza ku distemper ndi parvo, matenda osanzitsa ndi otsegula m'mimba. Parvo imakhala m'dothi miyezi yambiri, ndipo kamwana ka galu kosamaliza katemera kasapite kulikonse.

Pa ofesi yomweyo nenani komwe mukupita ndipo mutenge kalata yoyendera ndi chiweto. Pa msewu wa Great East pali zotchinga za apolisi, chodziwika kwambiri ndi cha pamlatho wa Luangwa, ndipo wapolisi akafunsa za galu, khadi ndi kalata zimafupikitsa nkhani. Wooloka malire a Malawi pa Mwami kapena pa Lusuntha amafunika zambiri: chilolezo cholowetsera galu chochokera kwa a zaziweto a ku Malawi, kalata ya dokotala yotsimikiza kuti galu ali bwino, ndi chilolezo chobwerera naye ku Zambia. Chomalizachi ndi chomwe anthu amaiwala, n'kukazindikira ali pamalire pobwera. Jambulani mapepala onse pafoni, enieniwo muwaike m'pulasitiki.

Mankhwala a njoka zam'mimba mupatseni sabata imodzi kapena ziwiri ulendo usanafike, kuti ngati angamutsegule m'mimba zithere pakhomo.

Nkhani ya nkhupakupa ndi yofunika kuimvetsa bwino. Mapiritsi otafuna ndiwo odalirika paulendo chifukwa sasukuluka ndi madzi: NexGard imagwira mwezi umodzi, Bravecto sabata 12. Onse amapita ndi kulemera kwa galu, ndiye muyezeni pasikelo, osangoyerekeza ndi maso. Njira yapafupi ndi kukwera pasikelo mutamunyamula, kenako nokha, n'kuchotsera. Ngati mukugwiritsa ntchito dibi wothira m'madzi, tsatirani muyezo wa agalu wolembedwa pabotolo. Muyezo wa ng'ombe umaledzeretsa galu, amayenda dzandidzandi, mtima n'kumagunda pang'onopang'ono, ena amafa. Ndipo dziwani kuti mankhwala onsewa sateteza mokwanira kwa kashembe.

Sabata zomwezi zigwiritseni ntchito kumuzoloweza. Galu amene sanakwerepo galimoto amasanza, amachucha dovu, ena amadzionongera. Yambani ndi kumukhazika m'galimoto yosaliza kwa mphindi 10, mawa lake muzungulire naye pafupi, kenako mutalikitse mpaka theka la ola. Tenti imangeni pabwalo agonemo usiku umodzi kapena uwiri. Muziyenda naye wapansi m'mawa uliwonse, kuwonjezera mtunda pang'onopang'ono, kuti kunsi kwa mapazi kulimbe. Galu wa pasimenti mukamukweza phiri la miyala tsiku loyamba, madzulo amakhala akutsimphina.

Zonyamula

Madzi ndiwo katundu wamkulu. Galu amamwa mamililita 50 mpaka 60 pa kilogalamu iliyonse ya thupi lake patsiku, ndipo kukatentha kapena akayenda kwambiri amamwa kawiri kake. Wa makilogalamu 20 muwerengereni malita atatu patsiku, kuti ena atsale omuthira akatenthedwa. Chigubu cha malita 20 chikhale chake yekha pa ulendo wa masiku anayi kapena asanu, ndipo mutunge madzi omwe amamwa kunyumba.

Chakudya chikhale chomwe anazolowera. Ngati amadya nsima ya gaga ndi kapenta, nyamulani gaga ndi kapenta ndi kampoto kake. Ngati amadya chouma cha m'sitolo, galu wa makilogalamu 20 amadya magalamu pafupifupi 300 patsiku, ndipo masiku okwera phiri onjezani gawo limodzi la magawo anayi. Yezeranitu cha tsiku lililonse m'kathumba kakekake, muwonjezere cha masiku awiri a ngozi, ndipo zonse zilowe m'ndowa yotseka bwino chifukwa cha nyerere ndi anyani. Kusintha chakudya paulendo ndiko kumabweretsa kutsegula m'mimba pakati pa usiku m'tenti.

Zingwe zikhale ziwiri, chachifupi cha mamita awiri choyendera ndi chachitali cha mamita asanu cha pamsasa. Galu wotafuna chingwe mutengereni tcheni chopepuka. Lamba wa pachifuwa ndi wabwino kuposa wa m'khosi, popeza galu wodzidzimuka amabwerera chafutambuyo n'kuvula wa m'khosi mosavuta. Komabe wa m'khosi akhalepo, mutalembapo nambala yanu ya foni ndi inki yosafufutika. Onjezani mbale ziwiri, saka kapena bulangeti lakale lomwe amagonera, lona ya mthunzi, tochi, ndi kakhasu.

M'kachikwama ka mankhwala muikemo bandeji, thonje, sopo, mchere wosungunula potsuka bala, Vaseline, kachitsulo kopanira nkhupakupa, choyezera kutentha thupi, ndi pulaya yodula waya. Pulayayo mudzaona ntchito yake m'munsimu. Musaikemo Brufen, diclofenac kapena Panado n'cholinga chopatsa galu. Brufen ndi diclofenac zimabowola chifu ndi kuwononga impso, Panado akachuluka amawononga chiwindi ndi magazi. Lembaninso nambala ya dokotala wa ziweto wa ku Chipata ndi ya wa boma lomwe mukupitako.

Pamsewu

Musamudyetse maola atatu kapena anayi musananyamuke, koma madzi amwe. Nyamukani mbandakucha kuti dzuwa likamafika paliwombo mukhale mutafika kapena muli pamthunzi.

Malo abwino a galu ndi m'khola lachitsulo kapena lapulasitiki lomangidwa kuti lisaseseleke, lalikulu moti angathe kuimirira ndi kutembenuka. Popanda khola, akhale kumpando wakumbuyo, lamba wake wa pachifuwa atakolekedwa ku lamba wa mpando. Osamangirira lamba wa m'khosi, chifukwa mukaponda mabuleki mwadzidzidzi thupi lonse limakoka pakhosi.

Kumbuyo kwa vaneti ndiko kumafera agalu ambiri, ndipo njira zake ndi ziwiri. Ina ndi chitsulo cha pansi chomwe chimatentha mpaka kusupula mapazi. Ina ndi chingwe chachitali: galu waona mbuzi, wadumpha, watsala lende m'mbali mwa galimoto, woyendetsa osadziwa. Ngati palibiretu pena, yalani thabwa kapena mphasa yokhuthala, mangani mthunzi wolola mphepo kudutsa, ndipo chingwe chimangidwe pakati penipeni kuseri kwa kabini, chachifupi moti mutu wake usafike m'mphepete. Pakhalenso munthu kumbuyoko.

Imani maola awiri alionse. Kolekani chingwe musanatsegule chitseko, osati mutatsegula. Imani patali ndi msika. Pa Katete, pa Sinda, pa Petauke ndi pamlatho wa Luangwa pamakhala agalu oyendayenda, mafupa a nkhuku ndi minga ya nsomba pansi, ndi ana ofuna kumugwira. Pitirirani makilomita angapo mupeze mtengo wa mthunzi. Musanamutsitse pa tala, ikani kuseri kwa dzanja lanu pansi. Mukalephera kupirira masekondi asanu, iyenso sangapondepo.

Galu asatsale m'galimoto yotseka ngakhale mukungolowa m'sitolo. Padzuwa, kutentha kwa mkati kumakwera ndi madigiri 10 m'mphindi 10 zokha, ndipo kutsitsa galasi pang'ono sikusintha kanthu kwenikweni. Galu satuluka thukuta ngati munthu, amadziziziritsa ndi kupuma kwa wefuwefu, ndiye mpweya womuzungulira ukatentha alibenso njira. Thupi lake limakhala pa madigiri 38 mpaka 39. Likapitirira 41 ziwalo zam'kati zimayamba kuwonongeka. Zizindikiro zake ndi lilime lotuluka lonse ndi lofiira kwambiri, dovu lonanda, kudzandira, kusanza, kenako kugwa. Mukaona zimenezi musathamangire kaye kuchipatala, yambani ndi kumuziziritsa. Muikeni pamthunzi, muthireni madzi ozizira thupi lonse makamaka pamimba, m'khwapa ndi m'mphechepeche, ndipo mumukupize. Musamufunditse nsalu yonyowa, imasunga kutentha. Akatha kumeza mupatseni madzi pang'onopang'ono. Choyezera chikafika pa 39.5 lekani kuthira, ndipo pitani naye kwa dokotala magalasi ali otsegula ngakhale akuoneka kuti watsitsimuka, chifukwa impso zimadzaonetsa vuto mawa lake. Agalu a mphuno zazifupi, onenepa ndi okalamba ndiwo amagwa msanga.

Ngati njira yanu ikudutsa m'nkhalango za tsanya kumunsi, tsekani magalasi. Kashembe amatsatira galimoto yoyenda ndipo amakopeka ndi mtundu wakuda ndi wabuluu. Mukatuluka m'deralo imani, muphe amene alowa, muyang'ane pansi pa mipando.

Kufika ndi kumanga msasa

Phiri lililonse kuno lili ndi eni ake. Fikani dzuwa likadalipo, siyani galu ndi mnzanu kugalimoto, mupite kwa a nyakwawa. Mukalonjerana nenani zonse poyera: "Zikomo a mfumu, tachokera ku Chipata, tikupempha malo ogona masiku awiri m'munsi mwa phirili. Tili ndi galu mmodzi, ndi wobayitsa, ndipo akhala pachingwe." Kachinthu ka m'manja, kaya shuga kaya mchere, n'kaulemu. Funsani komwe kuli manda ndi dambwe kuti inu ndi galu musayandikireko, komwe anthu amatunga madzi akumwa, komwe kumatchedwa misampha, ndi ngati m'mudzimo mwadwalapo galu wa chiwewe posachedwa. Mayankho amenewa simungawapeze pa mapu a pafoni. Galu wanu akagwira nkhuku kapena mbuzi, ndi mlandu, ndipo mlendo amene anayamba wafika kwa mfumu mlandu wake umakambika mosavuta.

M'madera oyandikana ndi paki, monga Lupande komwe kuli Mfuwe, munthu woyenda m'tchire ndi galu womasula amaoneka ngati wosaka. Alonda a nyama sadzayamba ndi kufunsa ngati ndi galu wa pakhonde.

Malo a tenti akhale okwera pang'ono, pamthunzi, patali ndi mtsinje ndi njira ya ng'ombe. Podutsa ng'ombe ndi pogona mbuzi ndi pomwe pali nkhupakupa zambiri. Pewani mulu wa miyala, chulu chamabowo ndi chitsa chofumbwa, mokhala njoka. Sesani masamba pabwalo la mamita angapo kuti muziona pansi. Yang'ananinso m'mwamba ndi m'tchire lozungulira ngati muli chitedze, chomwe chimakhwima nthawi yomweyi ya chisanu. Galu akadutsamo, ubweya wake umatenga ufa woyabwawo n'kuubweretsa m'tenti pa zofunda zanu.

Pomangirira galu, njira yabwino ndi kukoka chingwe cholimba pakati pa mitengo iwiri, pamwamba pofika m'mutu mwanu, n'kukolekapo chingwe chake ndi mphete kuti aziyenda uku ndi uku. Akamangidwa pamtengo umodzi amazungulira mpaka chingwe chithe, n'kutsala padzuwa madzi ali patali. Onetsetsani kuti sangafike pamoto ndi pa mbaula, ndipo kumbukirani kuti mthunzi wa m'mawa si wa masana. Mbale ya madzi ikwirireni pang'ono m'dothi kuti asaigubuduze.

Asagone padothi lonyowa kapena pamchenga wa pamthunzi pomwe pakodzedwa. Pamenepo ndi pomwe ntchentche ya mphutsi imaikira mazira, timphutsi n'kulowa pakhungu. Pakapita masiku angapo mudzaona zotupa ngati zithupsa, chilichonse chili ndi kabowo pakati, ndipo mukayang'anitsitsa kakuyenda. Matani Vaseline pakabowopo kuti mphutsi isowe mpweya, dikirani pang'ono, finyani m'mbali ndi zala ziwiri ituluke yathunthu, n'kutsuka ndi madzi a mchere. Ikaphulikira mkati bala limachita mafinya. Saka lake liyanikeni padzuwa lamphamvu tsiku lililonse.

Usiku galu agone mkati mwa tenti kapena m'khola lake m'galimoto magalasi atatsitsidwa. Ambiri amaganiza kuti galu womangidwa panja ndi mlonda. Kwa fisi ndi kambuku, ameneyo ndi mbuzi ya pachikhomo, ndipo kambuku amakonda nyama ya galu kwambiri. Mudyetseni kusanade, tsukani mbale, zotsala zonse mutsekere m'galimoto. Zitsononkho ndi njere za mango zitayeni pomwe sangafike, chifukwa akameza zimatseka matumbo ndipo pamafunika opaleshoni. Ndiwo zokhala ndi anyezi wambiri musamupatse, anyezi amaphwanya magazi a galu. Mu Juni ndi Julayi kumtunda kumazizira zedi m'bandakucha, ndiye galu wa ubweya waufupi muyalireni katoni pansi pa saka ndi kumufunditsa. Mbaula isalowe m'tenti ngakhale kuzizire bwanji. Mpweya wa makala ulibe fungo, umapha anthu ndi galu ali m'tulo.

Chimbudzi chake kwirirani m'dzenje lakuya ngati chikhatho ndi theka, patali ndi madzi.

Kukwera phiri

Nyamukani 6 koloko m'mawa, mukhale mutabwerera pofika 10 koloko. Tengani lita imodzi ya galu pa maola awiri alionse ndipo muzimumwetsa theka la ola lililonse, osadikira kuti apemphe. Akayamba kutsalira m'mbuyo, kapena kuthamangira mthunzi uliwonse n'kugona, ulendo wathera pomwepo, bwererani. Palupsa yendani mosamala, zitsa za udzu wopsa zimabaya pakati pa zala.

Chingwe chisachoke. Galu womvera bwanji pakhomo, akaona kalulu kapena gulu la anyani makutu amatseka. Nyani wamphongo ali ndi mano aatali kuposa a galu ndipo amang'amba mimba kamodzi kokha. Anyani amathawiranso kumatanthwe, galu n'kuwatsatira mpaka pomwe sangathe kutsika. Pamadzi akuya a kuchigwa asayandikire n'komwe, ng'ona imagwira galu pomwe akumwa. Nyama yakufa yokha asaikhudze. M'chigwa cha Luangwa matenda a anthrax amabuka kawirikawiri, makamaka pa mvuu nthawi ya chilimwe, ndipo nyama ina imakhala yothiridwa poizoni dala kuti iphe afisi kapena agalu olusa.

Akakodwa mumsampha wa waya, choyamba mufunditseni bulangeti kumutu kapena mumange kukamwa ndi nsalu, pokhapokha ngati wayayo ali pakhosi. Galu womva ululu amaluma ndi mbuye wake yemwe. Mugwireni asakoke, chifukwa kukoka ndiko kumangitsa. Dulani waya ndi pulaya pafupi ndi mfundo, osayesa kumasula ndi zala. Bala la waya limaoneka laling'ono kunja koma mkati ndi lakuya, liyenera kuonedwa ndi dokotala.

Njoka zovuta kwambiri ndi ziwiri. Mphiri sithawa, imangogona panjira, ndipo galu amalumidwa kumaso kapena mwendo wakutsogolo pomwe akuinunkhiza. Pamatupa msanga, ndipo kutupa kwa pakhosi kungatseke mpweya, choncho vulani lamba wa m'khosi nthawi yomweyo. Musatemere, musayamwe, musamange mwendo ndi chingwe. Munyamuleni, asayende yekha, ndipo imbirani dokotala muli m'njira. Ina ndi njoka yolavulira m'maso. Galu amabwera akutsinzina, misozi ili chuchuchu, akudzikanda kumaso. Tsegulani chikope ndi zala, tsanulirani madzi oyera mosalekeza kwa mphindi 15 mpaka 20. Madzi okha ndi okwanira, ndipo kufulumira ndiko kumapulumutsa diso. Minga ya nungu yolowa pang'ono mungaizule ndi pulaya mokoka molunjika, koma ya pachifuwa, pamimba ndi pafupi ndi diso isiyireni dokotala.

Akalumana ndi galu wa m'mudzi kapena nkhandwe, valani pulasitiki m'manja, tsukani balalo ndi sopo ndi madzi ambiri kwa mphindi 15, ndipo akabayidwenso katemera wa chiwewe mwamsanga ngakhale khadi lake lili bwino. Munthu akalumidwa kapena kukandidwa polanditsa, kutsuka n'komweko kwa mphindi 15, kenako kuchipatala tsiku lomwelo. Chiwewe chikayamba kuonetsa zizindikiro sichichizika. Nkhandwe yoyenda masana osaopa anthu muitalikire ndipo mudziwitse a mfumu.

Madzulo alionse mupapaseni thupi lonse ndi zala muli ndi tochi. Yambani m'makutu ndi kuseri kwake, pitani m'khosi pansi pa lamba, m'khwapa, m'mphechepeche, pansi pa mchira, mumalize ndi pakati pa zala za mapazi onse anayi. Nkhupakupa igwireni ndi kachitsulo pamutu penipeni, pomwe yalumira, n'kukoka molunjika pang'onopang'ono. Musaifinye mimba, musaiotche ndi fodya kapena kuithira parafini ikadali pathupi. Zambiri zimafunika kuyamwa tsiku lathunthu kapena awiri kuti zipatsire matenda, ndiye kuzichotsa tsiku lomwelo kumathandiza kwambiri. Chotsaninso chisoso ndi njere zosongoka za udzu, zomwe zimaboola khungu n'kumalowerabe mkati. Galu akamapukusa mutu mosalekeza, nthawi zambiri njere ili m'khutu.

Tsiku lolowa m'paki

Womusunga akhale munthu wamkulu amene galu wamuona kale dzulo lake, osati mwana wongomupeza pageti. Musiyireni chakudya choyeza, madzi, nambala yanu ndi ya dokotala, ndipo mumuuze momveka kuti chingwe asamasule ngakhale galu alire motani. Agalu ambiri osowa paulendo amasowa tsiku limeneli, pothamangira galimoto ya mbuye wawo. Siyani malaya anu ovala kale pa saka lake, amakhazikika msanga. Mumvane za malipiro musanachoke, ndipo mubwere kusanade.

Mukabwerera ku Chipata

Musambitseni, chapani saka ndi bulangeti n'kuyanika padzuwa, sesani m'galimoto. Kenako muyang'anireni kwa sabata zitatu kapena zinayi, chifukwa matenda a nkhupakupa ndi a kashembe saoneka tsiku lomwelo. M'mawa uliwonse tukulani mlomo wake muone nkhama. Za galu wabwino zimakhala zofiirira, ndipo mukadina ndi chala zimayera n'kubwerera mwakale m'masekondi awiri. Nkhama zotuwa kapena zachikasu, mkodzo wofiirira ngati tiyi wopanda mkaka, kukana chakudya ndi kutentha thupi, zimenezo ndi za nkhupakupa, ndipo galu angafe m'masiku ochepa. Diso lochita mtambo woyera, nkhope yotupa, ndi kutentha thupi kobwera n'kumapita, ganizirani kashembe.

Pitani naye kwa dokotala tsiku lomwelo, ndipo mutchule malo enieni omwe munafika ndi masiku ake, kuti ayeze magazi akudziwa chomwe akufuna. Musagule Berenil kusitolo ya mankhwala a ziweto n'kumubaya nokha monga amachitira ndi ng'ombe. Kwa galu, muyezo wochiza ndi muyezo wowononga ubongo uli pafupi kwambiri, ndipo kubwereza jakisoni pasanapite nthawi yokwanira kwapha agalu omwe matendawo akanachira. Ngati wina anamubaya kale m'njira, muuzeni dokotalayo dzina la mankhwala, kuchuluka kwake ndi tsiku lomwe anabayidwa.